Mmene Tinawolotsera a Tarsizio pa Nyanja Youma

Tyrrelstown, Dublin
Novembala, 2010

Okondedwa achimwene a Norbert,

Ndayamba ndi kupereka moni kwa inu, kwa alamu anga, ndi kwa onse a pakhomo panu kumapiri a Dedza kwathuko. Ndikhulupirira kuti miyendo ija yaleka kukuvutani, ndi kuti mvula yoyamba yakupezani mizere ili kale chilili. Kuno tilipo ndithu, ine pamodzi ndi mwana wanu Joy ndi adzukulu, ngakhale kuti chisanu chayamba kuluma ndipo ntchito mumzinda muno zikuyoyoka tsiku ndi tsiku.

Za imfa ya a Tarsizio Kafumbata munamva kale pa lamya. Munamvanso kuti tinawaika kuno, popeza chaka chino panalibe mwa ife amene akanatha kukweza maliro pa ndege. Koma lamya imathamangitsa munthu, ndipo pali funso limodzi limene sindinaliyankhe. Ndikudziwa kuti alongo awo, mayi Nangozo, sadzafunsa za bokosi kapena za nyimbo. Adzafunsa kuti, "Kodi munawauza madzi?" Mwambo wa banja lawo mukuudziwa: maliro akamayenda, wamkulu amakhala pafupi ndi bokosi, ndipo pa mtsinje uliwonse amaitana womwalirayo ndi chiwongo chake, natchula dzina la mtsinjewo, nanena kuti tikuwoloka. Akapanda kuuzidwa, thupi limapitirira koma mwini wake amatsalira pagombe, n'kumayendayenda kufunafuna powolokera. Yankho la funso limeneli ndi lalitali, ndipo kuti mulimvetse ndiyenera kuyamba ndakufotokozerani munthu amene a Tarsizio anasanduka atafika kuno.

A Tarsizio anali munthu yekhayo mu Dublin yense amene ankapinda thalauza powoloka msewu wa phula tsiku lopanda mvula.

Gwero lake linali kwathu komweko. Mukukumbuka kuti ali mnyamata ankasesa m'nyumba ya Abambo Mathew, wansembe wa ku Ireland uja wa ndevu zofiira. Pakhoma pa nyumbayo panali mapu akale kwambiri a doko la Dublin, amene oyendetsa sitima za pamadzi ankagwiritsa ntchito kusanabwere injini. Mapu otere sasamala za misewu ndi nyumba. Amaonetsa gombe, miyala, mchenga, matope, ndi timanambala tambirimbiri tonena kuya kwa madzi m'mikwamba, ndiye kuti utali wa manja onse awiri otambasula. A Tarsizio anawaloweza pamtima monga tinkalowezera katekisimu, ndipo wansembeyo pobwerera kwawo anawasiyira pepalalo. Atafika kuno, tsitsi litayamba kale imvi, anapeza kuti mzinda ndi mapu sizikugwirizana. Malo ambiri amene pepala linkati ndi nyanja, eni dziko anawakwirira kalekale ndi dothi n'kumangapo misewu, nyumba ndi mabwalo. Munthu wina aliyense akanati mapu akalamba. A Tarsizio anagamula kuti wonama ndi mzinda.

Ndinaziona koyamba tikudutsa pa paki ya Fairview, titatsagana ndi mnzawo wa ku Zambia, a Kebby Kanyanta, amene ankalondera ku bwalo la ndege komwe a Tarsizio ankagwira ntchito yokolopa. Titafika pa udzu, a Tarsizio anaima, navula nsapato, nazimanga m'khosi, napinda thalauza mpaka m'mawondo.

"Ba Tarsizio, mwayamba futi?" anatero a Kebby. "Apa ni pa paki. Onani bana bachaya bola."

"Akusewera m'madzi ofika m'chiuno, achimwene. Makolo awo ndi osasamala."

"Manje manzi yali kuti?"

"Apita kokayenda. Mwini nyumba akachoka, simunena kuti nyumba ilibe mwini."

Ndipo anawoloka, akukweza mawondo ngati kakowa, ife tikuwatsatira pambuyo ndi manyazi athu. Wapolisi wina anawaimitsa tsiku lina pamalo omwewo n'kuwafunsa ngati ali bwino. Iwo anatambasula mapu pa udzu namulozera pamene anaima. Wapolisiyo anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Chabwino bambo, koma mufulumire, madzi asanabwerere." A Tarsizio ankanena nkhaniyi pa ukwati uliwonse, monga umboni wakuti boma likudziwa zoona koma likubisa.

M'basi munali chimodzimodzi. Ikalowa m'dera limene iwo ankati ndi la nyanja, ankadula nkhani pakati pa mawu, nakweza mapazi onse awiri, nagwira kolona. Ikatuluka, ankapitiriza pamene analekera ngati palibe chachitika. Adzukulu anga, amene Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, ankalimbirana kukhala pambali pawo kuti akweze nawo mapazi.

Mavuto a chuma atagwa, masitolo a zinthu zakale a m'mphepete mwa mtsinje wa Liffey anayamba kutseka, ndipo mapu amene kale a Tarsizio ankangowasuzumira pagalasi anatsika mtengo. Apa ndi pamene mayi Julia Nachisale, akazi awo, anaona zakuda. Bambo ankachoka ndi chikwama cha kumsika n'kubwerera ndi mpukutu paphewa ngati munthu wochokera kogula mphasa.

"A Ngozo, ndinakutumani mafuta ophikira."

"Ndabwera ndi doko la Quelimane, mayi. Taonani mmene mtsinje ukulowera."

"Ndikazingire Quelimane ameneyu anyezi?"

Makoma onse anadzaza. Beira anali pabalaza, Cork m'khonde, Zanzibar pamwamba pa firiji, ndipo Dublin wakale uja anapachikidwa kumutu kwa bedi. Alendo ankapatsidwa tiyi pokhapokha atamva kaye pamene sitima ingaponye nangula ku Mombasa mphepo ikachokera kummwera. Mayi Nachisale anandiuza kuti anakwatiwa ndi mwamuna mmodzi koma akugona ndi madoko a dziko lonse.

Mwina mukuganiza kuti munthu wotereyu ankakonda madzi. Ayi ndithu. A Tarsizio sanakwerepo ngakhale bwato, ndipo m'bafa ankasamba ataima, dzanja limodzi litagwira chitseko. Tsiku lina a Kebby anawatengera ku Howth, kumene mabwato amanyamula alendo kukazungulira kachilumba. Titafika pa masitepe otsikira, a Tarsizio anakumbatira chipilala.

"Tiyeni, ba kapitao!" anafuula a Kebby. "Imwe muziba mwala uliwonse muno."

"N'chifukwa chake sindikukwera. Amakwera ndi amene sadziwa."

Tinaseka tsiku limenelo mpaka nthiti kuwawa. Koma chimene chinatsatira sichinatiseketse kwenikweni. Ntchito ya kubwalo la ndege inayamba kuchepa maola, kenako inatheratu. Miyezi inapita a Tarsizio ali pakhomo, mayi Nachisale akugwira mashifiti awiri kunyumba yosamalira okalamba. Ndiye a Kebby, atagwada kwa anthu ambiri, anawapezera malo m'nyumba ina yosungiramo katundu kudoko. Pa nthawi imene anthu a madigiri ankalimbirana tsache, mwayi wotere unali wosowa. A Tarsizio anavala tayi, nakwera basi, nafika pachipata, nabwerera. Doko lonse latsopanolo, mwa mapu awo, linali pakati pa nyanja.

Mayi Nachisale sanawalankhule mpaka Pasaka. A Kebby anawatchula mayina amene sindingawalembe m'kalata. Ine, monga wamkulu, ndinatumidwa kukawadzudzula, ndipo ndinawapeza atakhala pansi pa Beira, tayi ikadali m'khosi.

"Aphunzitsi," anatero, "musaganize kuti ndinkachita dala. Ndinkafuna kulowa. Koma nditaponda kupyola chipata, miyendo inazizira mpaka m'mawondo, ndipo ndinamva thalauza likulemera."

"A Ngozo, pepalalo ndi lakale. Anthu anakwirira."

"Ndikudziwa kuti anakwirira. Koma Dublin amene ndinamudziwa ndili mwana ndi wa papepalayu, ndipo ndi amene anandiitana. Uyu wa kunjayu sandidziwa. Mapuwa akakhala onama, ndiye kuti ndinasiya kwathu n'kubwera kudziko limene kulibe."

Ndinabwerera ndi chidzudzulo changa m'thumba. Kuyambira tsiku limenelo ndinazindikira kuti zimene ife tinkaziyesa nthabwala, kwa iwo zinali madzi enieni, ozizira.

Anamwalira m'mwezi wa Seputembala, masana, atakhala pampando wawo. Madokotala anati mtima. Titagwirizana zowaika kuno, mayi Nachisale anandiitanira pambali.

"Aphunzitsi, wamkulu ndinu. Mukhale kutsogolo muziwauza madzi. Munthuyu wandivutitsa ali moyo, sindikufuna andivutitsenso ataima pagombe."

Ndinavomera, ndipo ndinakonzekera mosamala. Misa inali ku tchalitchi chathu cha ku Drumcondra, manda ali kumpoto kwa mzinda. Ndinapita kukaonana ndi woyendetsa galimoto ya maliro, mzungu wachikulire wofatsa dzina lake Gerard, n'kumufotokozera mwambo wathu. Sanaseke. Anangofunsa ngati womwalirayo amafuna kuti galimoto iziima kapena ingochepetsa liwiro. Tinasankha njira ya kumtunda, imene ngakhale mapu a a Tarsizio ankavomereza kuti ndi nthaka, yokhala ndi mtsinje umodzi wokha woti n'kuwoloka, wa Tolka.

Kuno kuli mwambo woika pabokosi chinthu chimene womwalirayo ankachikonda. Ena amaika chipewa, ena malaya a timu ya mpira. Mayi Nachisale anachotsa Dublin wakale kumutu kwa bedi namuyala pamwamba pa bokosi. Potuluka m'tchalitchi, onyamula anayamba kuyang'anana. A Tarsizio anali munthu wochepa thupi, koma bokosi linalemera moti amuna amphamvu anatuluka thukuta m'chisanu. A Kebby ananong'ona kuti mwina madoko onse alowa momwemo. Palibe anaseka, pakuti tonse tikudziwa tanthauzo la bokosi lolemera: mwini wake sakufuna kupita.

Chimene sitinachiganizire n'chakuti tsikulo linali Loweruka la masewero aakulu ku bwalo la Croke Park. Apolisi anali atatseka misewu, ndipo anthu ovala malaya a mitundumitundu anadzaza paliponse. Tinalozeredwa kumanja, kenako kumanjanso, mpaka ndinaona kuti tikutsikira kummawa, kumbali ya doko. Gerard anapepesa, nati njira yotsala ndi imodzi, msewu watsopano wodutsa kuseri kwa paki ya Fairview kukatulukira ku Clontarf. Pa mlatho wa Tolka ndinatembenuka n'kunena monga mwa mwambo: "A Ngozo, uwu ndi mtsinje wa Tolka, tikuwoloka." Mtima wanga unakhala pansi poganiza kuti ntchito yanga yatha.

Tisanapite patali, galimoto ya m'mbuyo inaliza hutala kosalekeza. Gerard anaima. Pagalasi ndinaona mayi Nachisale akubwera wapansi pakati pa msewu, nsalu yakuda ikuuluka, a Kebby akuwathamangira.

"Aphunzitsi, mwawauza chiyani?"

"Ndawauza Tolka, mayi."

"Tolka ndi wa ife. Nanga iyi?" Analoza msewu wouma, udzu, ndi mitengo ya magetsi. "Kuchokera pano mpaka ku Clontarf, kwa iwo ndi nyanja yokhayokha. Munthu anakana ntchito, ife tikugona ndi tiyi, chifukwa cha madzi amenewa. Mukuganiza kuti lero alowamo osauzidwa?"

"Amai, ni road chabe iyi," anatero a Kebby, koma mawu awo anatuluka opanda mphamvu.

"Kwa inu. Amene tanyamulayu si inu."

Mtsinje uli ndi dzina ndiponso mlatho, ndipo makolo anatisiyira mawu ake. Koma palibe anatisiyira mawu owolotsera munthu wa kumapiri pa nyanja imene amoyo sakuiona. Kubwerera kunali kosatheka, pakuti kumbuyo kunali mzere wa magalimoto ndi apolisi. Ndinati mwina titenge mapu pabokosi tiwerenge.

"Asiyeni," anatero mayi Nachisale. "Aziwerenga okha, aone ngati ndikunama. Sunthani."

Analowa nakhala pakati pa ine ndi Gerard, natembenukira kumbuyo, naika chikhato pagalasi lolekanitsa ife ndi bokosi. Anauza Gerard m'Chingerezi kuti ayende ngati munthu wapansi. Kenako anayamba, ndi mawu omwe ankawatumira nawo kumsika.

"A Ngozo, ndine Nachisale. Iyi ndi nyanja yanu ija. Ndinkakana, lero ndavomera, ilipo. Tikulowa. Apa ndi matope okha, afika m'kakolo, musachite mantha. Kumanzere kuli mchenga, tikuulambalala. Apa tsopano ndi m'mawondo. Musayang'ane pansi, yang'anani kwa ine."

Achimwene, mayi amene kwa zaka zonsezi ankaopseza kuti mapuwo adzayatsira moto, ankawadziwa kanambala kalikonse. Anagona pansi pa mapuwo usiku uliwonse kuyambira pamene anapachikidwa, ndipo timanambalato tinalowa m'mutu mwawo osapempha. Anatchula pamene pali ngalande ya mtsinje pansi pa nyanja, nati, "Apa ndi pakuya, mkwamba wathunthu, koma ndi pafupi, gwirani mkono wanga." Anawakalipiranso pang'ono: "Musaime! Mwaima kokwanira pa moyo wanu."

Ndilemba zimene ndinaona, osawonjezera. Kunja kunali dzuwa, koma magalasi a galimoto anachita nthunzi mpaka Gerard anapukuta ndi mpango. Mahutala a kumbuyo, amene poyamba ankalira, analeka limodzilimodzi. M'galimoto munalowa fungo la matope a mchere. Gerard anandiuza pambuyo pake kuti fungolo limamveka kawirikawiri kumeneko madzi akaphwa, popeza nyanja yeniyeni ili pafupi, ndipo ndilibe chifukwa chomutsutsira. Koma ndinaona kuti chipewa anachivula n'kuchiika pamiyendo, ndiponso kuti ankagwira chiwongolero ndi manja onse awiri ngati chikufuna kumulanda. Ine mapazi anga anazizira, ndipo sindinayerekeze kuwayang'ana.

Pagalasi lam'mbali ndinaona kuti anthu athu atsika m'magalimoto ndipo akutitsatira wapansi, mwakachetechete, a Kebby ali patsogolo, misozi ikutsika osaipukuta.

"Madzi akuchepa," anatero mayi Nachisale. "M'mawondo. M'kakolo. Apa ndi miyala ya pagombe, pondani bwino." Galimoto inakwera kamtunda kolowera mumsewu wa Clontarf. Iwo anachotsa chikhato pagalasi, nati ndi mawu otsika, "Mwawoloka, a Ngozo. Mwaona? Sizinali zovuta." Atatero ndi pamene analira, koyamba chichitikire malirowo.

Kumanda, amuna omwe aja anagwira bokosi atakonzekera kulemera kwake, nalikweza mwamphamvu moti linatsala pang'ono kuwapulumuka. Linali lopepuka ngati la mwana. A Kebby anandiyang'ana. Tinawaika pamalo okwera, pouma, mapu awo ali pachifuwa.

Mapu otsalawo mayi Nachisale sanawagulitse, ngakhale kuti wogula anabwera. Anawapinda n'kuwasunga pamwamba pa kabati, ndipo makoma atsala ndi zigamba zoyera pamene panali madoko. Ndikapita kukawaona, maso anga amasowa pokhala. Kuno ku Tyrrelstown nakonso kwachita zii. Mabanja angapo athu apita ku Canada ndi ku Australia, ena abwerera kumudzi, ndipo kumapeto kwa msewu wathu kuli nyumba zimene amisiri anazisiya zopanda mazenera, mphepo ikulowa ndi kutuluka mmene ifunira. A Kebby asiya kubwera ku zisangalalo. Akuti alibenso womutsutsa, ndipo kukhala wolondola wekhawekha n'kotopetsa. Ine ndikamayenda mumzindamu ndimadzipeza ndikufunsa chimene chinali pansi pa msewu uliwonse anthu asanaupake phula, ndipo palibenso woti andiyankhe. Ndaonanso kuti pa Amalawi a parishi yathu wamkulu tsopano ndatsala ndine, ndipo ndayamba kuphunzitsa Joy mayina a mitsinje ya kuno.

Tsono pempho langa ndi ili. Mayi Nangozo alibe lamya, ndipo maso awo sawerenganso. Ndikupemphani kuti miyendo ikakulolani mukwere phiri lija mukawaone nokha, osatuma mwana. Mukawawerengere kalatayi yonse, ndi zoseketsa zomwe, pakuti mlongo wawo ankamudziwa ndipo sadzakhumudwa. Mukadziwitsenso a ku banja la a Chisale, kuti adziwe mwana wamkazi amene anabala. Ndipo mayi Nangozo akafunsa funso lawo lija, mukawayankhe mosakayika kuti inde, anauzidwa madzi onse, ooneka ndi osaoneka omwe, ndipo sanatsalire pagombe.

Ndine mng'ono wanu wokukumbukani masiku onse,

Fabian